Madzi Akaphwa ku False Bay

Anyamata inu amene munakulira ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota ndipo lero muli ku Cape Town, mbedza mumaidziwa, sindikutsutsa. Koma nyanja yamchere ili ndi khalidwe limene yathu ija ilibe. Madzi ake amakwera n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukalowa mumdima, amaphwa kwambiri, pobwera n'kudzakweranso kwambiri.

Madzi akaphwa musafulumire kuponya. Imeneyo ndi nthawi yoyenda m'gombe, maso ali pansi. Onani pamene mchenga waunjikana, pamene patsala madzi akuda pakati pa milu iwiri, ndiponso kakhwawa kamene madzi akutulukira. Mukapeza dzenje, lilowezeni ndi chizindikiro cha kumtunda, kaya nyumba kaya mtengo wa magetsi. Madzi akayamba kukwera zonsezi zimabisika, koma nsomba zimalowera m'kakhwawa komweko kudzatola nkhanu ndi nyongolotsi zimene mafunde afukula. Amene anayenda m'gombe amaponya padzenje penipeni, nthawi zina pafupi ndi mapazi ake. Mnzake amalimbana n'kuponya kutali, n'kumakoka nyambo yosadyedwa.

Dzinja lakumeneko likamatha, cha m'ma Seputembala kupita m'tsogolo, kumayamba mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, imene eni dera amaitcha Cape Doctor. Kwathu Mwera ukawomba timakokera bwato kumtunda, koma wowedza ali pamchenga ku Strandfontein kapena ku Macassar asathawe msanga. Mphepoyi imakankhira madzi ofunda a pamwamba m'kati mwa False Bay, imawavundula, ndipo nsomba yotchedwa kabeljou imakonda madzi otero, imasendera kufupi. Mbali ya Atlantic mphepo yomweyo imathamangitsira madzi a pamwamba kutali, ozizira a pansi n'kukwera, nsomba n'kuchita mphwayi. Mphepoyi ikamawomba, mangani mtovu wolemera, wa timawaya togwira mchenga. Koma zomera za m'nyanja zikayamba kukola chingwe paliponse pamene mwaponya, pindani, mudzabwere mawa.

Chimene ndimaopera kwambiri ndi matanthwe. Madzi akaphwa, thanthwe la kutali limafikika wapansi, ndipo limakopa. Nsomba zikamadya munthu amaiwala kucheuka, pamene madzi akudzaza njira imene anadzera. Cha ku Rooi-Els asodzi odziwa bwino ntchito akhala akukokoloka ndi funde limodzi. Musanakwere, khalani kaye pamtunda muwerenge mafunde, chifukwa aakulu amabwera motsogozana pakadutsa kabata. Thanthwe lonyowa pamwamba ndiye kuti funde lafikapo posachedwa. Musapite nokha, ndipo nyanja musaifulatire, ngakhale pomanga nyambo.

Chiphaso chowedzera mukhale nacho m'thumba. Nsomba yotchedwa galjoen ndi yoletsedwa kuyambira pa 15 Okutobala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, ndiye ikakodwa ibwezereni m'madzi. Nkhono yotchedwa perlemoen musaikhudze n'komwe, ngakhale wina akulonjezeni ndalama zingati.