Mausi Yopanda Nthambo: Ubwino ndi Kuipa Kwake

Tsiku lina ndili kutaipa nkhani ya magazini athu ano, kamuvi ka pa kompyuta kanangoti njo! Mtima unandigunda poganiza kuti ndawononga katundu wa seminale. Bambo wotiphunzitsa atabwera, anangomwetulira nati batire la mausi latha. Pamenepo m'pamene ndinayamba kufufuza za kachipangizoka.

Mausi yoyamba inali ya thabwa ndiponso ya nthambo. Inapangidwa ku America mu 1964, mwa nzeru za Douglas Engelbart. Yopanda nthambo imatumiza uthenga pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz, kudzera pa Bluetooth kapena pa kachidutswa kobaya pa USB.

Ubwino wake ndi uwu. Poyamba, patebulo sipakhala nthambo zokolana. Chachiwiri, imagwira ntchito ngakhale uli patali pafupifupi mamita 10, choncho imathandiza mphunzitsi m'kalasi. Chachitatu, ndi yosavuta kunyamula.

Koma paja walira mvula walira matope. Mausi imeneyi imadya mabatire, ndipo angathe kutha ntchito ili pakati. Kawirikawiri mtengo wake umaposa wa ya nthambo. Kachidutswa ka USB kaja n'kakang'ono zedi. Kakatayika, mausi yambiri imasanduka chidole.

Tsono langizo langa ndi ili: m'chipinda chathu cha makompyuta, momwe manja ndi ambiri, ya nthambo ndiyo yoyenera. Koma ngati mwapatsidwa yopanda nthambo, muziizimitsa mukamaliza, ndipo musunge batire lapadera. Kusamala katundu wa gulu ndi gawo la maphunziro athu.