Pulinta Nayo Ifuna Keyala

Anzanga, kalata yopita kwathu kwa Katuli siingafike ngati keyala yace iri yolakwa. Pulinta ya mu ofesi iri cimodzimodzi. Ndinaphunzira ici sabata ya mayeso, pamene magetsi anazima, ndipo atayakanso pulinta inakana kusindikiza mafunso athu.

Bvuto linali ili. Makina onse a mu ofesi alumikizidwa ku kabokosi kochedwa rauta, kamene kamapatsa aliwonse keyala ya manambala, dzina lace IP address, monga 192.168.1.20. Magetsi akazima, rauta ikhoza kupatsa pulinta nambala ina, koma kompyuta imangotumizabe nchito ku nambala yakale.

Mankhwala ace nawa. Coyamba, lumikizani pulinta ku rauta ndi cingwe kapena Wi-Fi. Caciwiri, sindikizani tsamba losonyeza nambala yace. Cacitatu, uzani rauta kuti isunge nambalayo ikhale ya pulinta yokha. Cacinai, ikani pulogalamu ya pulintayo pa kompyuta iriyonse, ndi kulembamo nambala yomweyo. Potsiriza yesani tsamba limodzi.

Aphunzitsi athu atacita izi tinalemba mayeso, ngakhale mocedwa. Tsono musafulumire kunena kuti makina afa. Yambani mwaona keyala.