Ndalama Zikaperewera M'makina, Musathamangire Kufufuta Mita

Inu amene muli ndi makina oponyamo ndalama zachitsulo kapena matokeni m'mabala ndi m'mashopu a ku Overspill, Munyuki, Stopover kapena Domboramwari ku Epworth, tsiku lina mudzatsegula bokosi n'kupeza kuti zomwe zilimo sizikugwirizana ndi chikhamu chomwe chinasewera. Zotsatira zake ndaziona mobwerezabwereza. Mwini makina akalipira mnyamata wogulitsa, azula pulagi, aitana mmisiri. Pofika madzulo mnyamata ntchito yamuthera, umboni wafufutika, ndipo sabata yotsatira ndalama zikuperewerabe.

Kope, cholembera, foni yojambulira ndi mboni imodzi, zimenezi mukuzidziwa kale. Tiyeni pomwe ambiri mumagwera.

Musazimitse makinawo, musafufute kanthu, musalole aliyense kukhudza bodi musanawerenge mita. Makina ambiri a magetsi ali ndi mita ziwiri. Ina imaoneka pagalasi mukatembenuza kiyi wa mwini, ndipo manambala ake amasungidwa ndi kabatire kakang'ono ka pabodi. Ina ndi ya manambala ozungulira, yomwe imasuntha ndalama ikalowa kapena ikatuluka, ndipo siibwerera m'mbuyo. Jambulani zonse ziwiri mboni ikuona, mulembe tsiku ndi nthawi. Mukatero muwerenge za m'bokosi, kenako za m'hopa, momwe mumachokera ndalama zolipira opambana.

Amisiri ena akafika, choyamba amati, "Bwana, tingofufuta zonse tiyambirenso." Mukanizeni. Kufufuta mita ya pagalasi kuli ngati kusesa pabwalo wakuba atangodutsa, kenako n'kumafunsa kuti walowera kuti. Ndi manambala amenewo omwe angakuthandizeni kudziwa ngati vuto ndi munthu, ndalama yabodza kapena pulogalamu ya m'kachipu ka makinawo. Ngakhale mmisiriyo akhale mlamu wanu, jambulani kaye. Akakakamira, abwerere kwawo.

Kuwerenga kamodzi sikukwanira. Matani pepala pachitseko cha bokosi, musainepo awiri, muike loko watsopano yemwe kiyi wake ali ndi inu nokha, n'kumawerenga nthawi imodzimodzi tsiku lililonse kwa sabata. Pa ndalama zolowa chotsani zotuluka. Chotsalacho chizifanana ndi za m'bokosi kuphatikiza zomwe zawonjezekera m'hopa. Makina anu akakhala opanda mita yozungulira, gulani. Mwina madola 5 kapena 10 a ku America, loko madola 3, mmisiri wolumikiza mwina 10 mpaka 20. Ndaona anthu akukana kutulutsa zimenezi pomwe akutaya zoposa pamenepo sabata iliyonse.

Sabata ikatha, kope lija lilankhula lokha. Mita zonse zikagwirizana koma bokosi n'kuperewera, pali dzanja ndi kiyi wachiwiri. Mukapezamo mawashala, matokeni a kwina kapena ndalama zachitsulo za bond zomwe zinabwera mu 2014, vuto lili pa kachipangizo kolandirira ndalama. Tamtundu wotchipa timangoyerekeza ndalama yolowa ndi yachitsanzo yomwe inapanikizidwa m'kati, ndipo chibwerereni ndalama ya ZiG mu 2024 eni ena sanayang'anemo kuti muli chitsanzo chanji. Koma mita ya pagalasi ikaonetsa masewero ochuluka kuposa ndalama zomwe mita yozungulira inawerenga, ndiye kuti mwina makina akupatsa munthu mwayi wosewera asanaponye kanthu. Apa ndi pomwe mungakayikire pulogalamu.

Ngakhale pamenepo musafulumire kuloza munthu chala. Lembani m'kope nthawi yomwe magetsi a ZESA anathima ndi kubwera, chifukwa akabwera mwamphamvu, kapena kabatire kaja kakafooka, manambala amasokonekera popanda wakuba aliyense. Lembaninso ngati kupambana kwakukulu kumagwera munthu mmodzi, pamakina amodzi, atadina mabatani mwanjira imodzimodzi. Zoterezi si nthano. Mu 2009 John Kane anagwidwa pa kasino ya Silverton ku Las Vegas atapambana kangapo pamakina a Game King a kampani ya IGT. Sanatsegule kanthu, ankangotsata ndondomeko ya mabatani yomwe inkachititsa makina kulipira mowirikiza. Mlandu wake ndi wa mnzake Andre Nestor unathetsedwa mu 2013. Ngati makina a kampani yaikulu choncho anali ndi chibowo, nanga mabodi opanda dzina omwe timagula kwa ogulitsa oyendayenda?

Choncho wokayikiridwayo musamumenye, musamutsekere m'sitolo. Chotsani makinawo pamalo osewerera, muitane mmisiri wina, osati amene anawaika, ayese kubwereza zomwe munaonazo inu mulipo, foni ikujambula. Zikabwerezeka, bodi yakaleyo iikidwe mu envulopu yomata, musainepo ndi mboni, kenako muikemo yatsopano. Kupolisi ya Epworth pitani ndi kope, zithunzi ndi envulopuyo. Koma ngati makinawo ndi a juga ndipo alibe laisensi ya Lotteries and Gaming Board, dziwani kuti funso loyamba la apolisi likhala la inuyo. Mnyamata uja, ngati kope lamuyeretsa, mubwezereni ntchito ndi malipiro a masiku omwe munamuimitsa.