Phunziro 18: Bokosi lobisika m'nkhalango

Kutali, ku dziko la America, m'cigawo ca Oregon, kuli phiri lalikulu lochedwa Hood. Pafupi ndi phirilo pali nyanja yaing'ono, dzina lake Trillium. Nyanjayo yazunguliridwa ndi nkhalango. Anthu amapita kumeneko kukawedza nsomba ndi mbedza.

Tsiku lina bambo wina anapita kunyanjako ndi ana ake awiri, mtsikana ndi mlongo wake wamng'ono. Anaponya mbedza. Anadikira, anadikira. Nsomba sizinadye nyambo.

"Atate, ine ndatopa," anatero mnyamata.

Atate anatulutsa foni m'thumba. "M'nkhalango umu munthu wina anabisa bokosi. Foni iyi ikudziwa kumene liri. Tiyeni tikalifune."

Pa foni panali kamuvi ndi nambala. Kamuvi kanaloza kunkhalango. Nambala inali 300.

"Atsala mamita 300," anatero atate.

Anayenda m'kanjira. Nambala inayamba kucepa. Inafika 200, kenaka 50, kenaka 5. Pamenepo kamuvi kanayamba kusokonezeka. Kanaloza uku, kanaloza uko. Mitengo ya m'nkhalangomo ndi yaitali ndipo imachinga thambo, conco foni siimva bwino.

Atate anabweza foni m'thumba. "Foni yatifikitsa pafupi. Nchito yake yatha. Tsopano nchito ndi ya maso."

Mnyamata anathamangira ku mtengo wa mphako. Anafuna kupisamo dzanja.

"Ima kaye, mwanawe! Yamba ndi kamtengo. Mwina muli mavu."

Anagwedeza kamtengo m'mphakomo. Munalibe mavu, munalibenso bokosi. Anasuzumira pansi pa mwala. Panalibe kanthu. Anazungulira citsamba kawiri. Mnyamata anakhala pansi, nkhope yagwa.

Mtsikana sanathamange. Anaima phee, akuyang'ana pansi. Pambali pa citsa anaona timitengo touma titandandalika bwinobwino, tonse toloza kumodzi.

"Atate, taonani apo. Timitengo tikagwa tokha sitigona conco. Apa anayala ndi munthu."

Anacotsa timitengoto. Bokosi ilo!

M'bokosimo munali kabukhu, colembera, kagalimoto kofiira, mkanda ndi wezulo. M'kabukhumo munali maina ambiri a anthu amene anafika kale. Mtsikana analemba tsiku ndi dzina lake. Mnyamata analemba cilembo coyamba ca dzina lake, popeza ndico cimene amadziwa.

Kenaka mnyamata anatenga kagalimoto, mkanda ndi wezulo, zonse m'manja mwake.

"Nanga mwana amene abwere mawa adzapeza ciani?" anafunsa atate. "Lamulo lake ndi ili: ukatenga cimodzi, usiye cimodzi."

Mnyamata anabweza mkanda ndi wezulo. Anapisa m'thumba natulutsa bisiketi.

"Cakudya ai. Agologolo ndi zimbalangondo zimva fungo, zibwera kudzaswa bokosi."

M'thumba linalo munali kampira kake kobiriwira. Iye amakakonda kampirako. Anayang'ana kampira, anayang'ana kagalimoto. Anaganiza nthawi yaitali. Potsiriza anaika kampira m'bokosi, natenga kagalimoto.

Mtsikana anatseka civundikiro mwamphamvu kuti mvula isanyowetse kabukhu. Anthu ena anadutsa m'kanjira atanyamula mbedza zao. Ana anadikira kuti apite kaye. Atapita, anabweza bokosi pambali pa citsa comwe cija, nayalanso timitengo pamwamba.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi foni inasokonezeka cifukwa ciani?
2. Mtsikana anadziwa bwanji pamene panali bokosi?
3. Mnyamata anasiya ciani m'bokosi?
4. Nambala yaikulu ndi iti: 300, 50 kapena 5?

Kwa makolo

Masewera awa amachedwa geocaching. Foni imadziwa malo mothandizidwa ndi GPS, ndiye kuti makina okwana pafupifupi 30 amene amazungulira dziko kumwamba, pa mtunda wa makilomita oposa 20,000. Foni imamva mauthenga a makinawo ndi kuwerengera pamene munthu waima.

Kale boma la America linkasokoneza dala mauthengawo, kotero kuti munthu wamba ankatha kuphonya malo ndi mamita 100. Linaleka kutero pa 2 Meyi 2000. M'mawa mwake, pa 3 Meyi, bambo wina dzina lake Dave Ulmer anabisa cidebe cakuda m'chire pafupi ndi Beavercreek, m'cigawo comweco ca Oregon. Anaikamo kabukhu kolembamo maina, colembera, mabukhu, legeni ndi citini ca nyemba, nauza anthu manambala a malowo. Patapita masiku ocepa anthu anacipeza. Lero mabokosi otere aposa mamiliyoni 3, m'maiko oposa 190. Malamulo anasintha pang'ono: tsopano saloleza kuikamo cakudya, ngakhale kukumba pansi kuti akwirire bokosi. Cidebe coyamba cija cikanalakwa pa zonse ziwiri.

Sewerani ndi anzanu

Masewerawa atheka popanda foni. Gawanani magulu awiri. Gulu loyamba libise kacitini kotseka bwino pafupi ndi sukulu kapena pakhomo. M'kati muikemo pepala ndi tinthu titatu. Kenaka lijambule mapu: nyumba, mtengo, njira ndi cizindikiro ca X. Pansi pa mapu lembani mapazi oyenda, monga conci: "Kucokera pa mtengo wa mango, mapazi 20 kuloza kotulukira dzuwa."

Gulu laciwiri litenge mapu ndi kuyamba kufuna. Wamkulu mmodzi apite nao. Musabise kacitini m'mphepete mwa mtsinje kapena nyanja, kuopa ng'ona ndi madzi akuya. Pofufuza m'mphako kapena pansi pa mwala yambani ndi ndodo, cifukwa mungakhale njoka kapena cinkhanira. Mukakapeza, aliyense alembe dzina lake pa pepala. Kenaka magulu asinthane.