Kuwerenga Lipoti la Kampani m'Chinyanja

Ophunzira athu a ku Tete amalidziwa damu la Cahora Bassa, koma lipoti la pachaka la kampani ya HCB, lotchedwa Relatório e Contas, limalembedwa m'Chipwitikizi. Tisanakaphunzitse, tikalifunefune ku laibulale pamodzi ndi Boletim da República, momwe mumasindikizidwa malamulo okhazikitsira makampani.

Pomasulira lipotilo tisiyanitse mawu awiri. Receita ndi ndalama zonse zolowa pogulitsa magetsi. Lucro ndi phindu, ndiko kuti zotsala tikachotsapo malipiro a antchito, misonkho ndi zina zoyendetsera ntchito. Tikawasokoneza mawuwa, mwana adzayesa kuti wogulitsa zambiri ndiye wopindula. Choncho ophunzira ayambe awerengera phindu la mayi wogulitsa tomato pamsika, kenaka atsegule lipotilo.