UBALE WA UDZUDZU

Anthu ambiri amayesa kuti udzudzu wonse ndi umodzi, koma si tero ai. Pa dziko lapansi pali mitundu ya udzudzu yoposa 3,000. Wopatsa anthu malungo ndi wa fuko la Anopheles lokha, ndiponso waukazi wokha, pakuti wamphongo sumwa magazi.

M'fuko limeneli muli mbumba ina, dzina lace gambiae. Kale anthu ophunzira anayesa kuti mbumbayi ndi mtundu umodzi. Koma m'zaka za m'ma 1960 anakwatitsa udzudzu wocokera ku malo osiyana, napeza kuti ana amphongo abadwa osabereka, monga nyuru yobadwa kwa bulu ndi kavalo. Pamenepo anazindikira kuti ili mitundu ingapo yocokera kwa kholo limodzi. Lero yodziwika siicepera 8.

Abale amenewa afanana thupi kotero kuti diso silingawasiyanitse, koma makhalidwe ndiwo ena. Gambiae mwini wace akonda magazi a munthu, naluma m'nyumba usiku. Arabiensis, amene acuruka kumwera kwa Zambia, aluma munthu ndi ng'ombe yomwe, kawirikawiri pabwalo, kumene ukonde wa pakama sungatichinjirize. Quadriannulatus atsata zoweta, ndipo sativuta ndi malungo.

Codabwitsa ndi funestus, wobadwira m'madambo a udzu. Ubale wace ndi gambiae ndi wa patali ndithu, komabe adwalitsa anthu ambirimbiri ku Luapula, ngakhale m'cilimwe pamene zithaphwi zauma.