Wodwala Shuga Asamale Mtima Wake

Za kuchepetsa nsima ndi zakumwa zotsekemera, kuleka fodya, kuyenda ndawala theka la ola, ndi kusapitirira kasupuni kamodzi ka mchere patsiku, sinditaya nazo nthawi, pakuti aliyense wopita ku sikelo ya shuga anazimva kale.

Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi apa: munthu akamwa metformin miyezi ingapo, ludzu n'kuleka, kukodzakodza usiku n'kutha, amati wachira, nabisa mankhwala m'sutikesi. Musatero, abale anga. Shuga wochuluka m'magazi, ngakhale sapweteka paliponse, amapanikiza timitsempha todyetsa mtima, naumitsa mnofu wake pang'onopang'ono ngati chikopa chosiyidwa padzuwa, kufikira mtimawo ulephera kufutukuka bwino kuti ulandire magazi. Pamenepo madzi amayamba kusonkhana m'mapapo ndi m'miyendo. Ndibwereza: kumva bwino m'thupi sikutanthauza kuti shuga watha. Matendawa amaphanso minyewa yomvera ululu, kotero kuti mtima utha kuvulala mwini wake osamva kanthu pachifuwa. Mankhwala a BP nawonso samwedwa tsiku lokhalo limene mutu wawawa. Iwo amene amauza odwala kuti madzi a nimu kapena masamba a chammwamba alowa m'malo mwa mapiritsi, ine sindiwaona ngati abwenzi.

Kuchipatala cha boma mankhwala ndi aulere, ndipo akasowa, a mwezi wathunthu ku famase mwina adya masauzande angapo a makwacha. Ndalamazo n'zochepa poyerekeza ndi zimene abale amaononga podikirira wodwala m'wodi.

Tsono madzulo alionse dinikizani chala pa msongolo wanu. Pakatsala kadzenje kosabwerera msanga, kapena nsapato zikayamba kuthina, kapena mukamasowa mpweya pogona chagada mpaka kusanjikiza mapilo, pitani kuchipatala mawa lake lomwe. Mpweya ukamabanika muli chikhalire, pitani nthawi yomweyo. Musagule bulufeni pa golosale, chifukwa amasunga madzi m'thupi nalemetsa mtima wotopa kale.

Mukakaonana ndi adokotala, apempheni mwaulemu kuti akuyezeni BP, impso, ndi magazi a HbA1c oonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi itatu, amene kwa anthu ambiri ayenera kukhala pansi pa 7 peresenti. Safunsa anadya phula. Tsiku limene alemba m'buku lanu lachipatala musaliphonye, ngakhale mutadzuka muli ndi mphamvu zokalima.